Kodi Paphiri Womvera Mnzake Ndani?

Pali funso limene lakhala likundizunguza mutu chibwerere ku phiri la Mulanje, ndipo ndati tiliganizire pamodzi, inu awerengi. Munthu ukalemba mnzako ganyu kuti akutsogolere njira, ndalama n'kutuluka m'thumba mwako, kodi woyenera kumvera mnzake ndani?

Tidanyamuka pa Likhubula m'mwezi wa Juni tili anthu anayi, pamodzi ndi wotitsogolera ndi anyamata awiri osenza katundu. Tsiku loyamba tidagona m'kanyumba ka pa Chambe. Lachiwiri tidafika pa Chisepo, m'munsi mwa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene iposa zonse m'Malawi muno. Wotitsogolerayo adali bambo wa zaka ngati 40, wosalankhulalankhula, amene sukulu adalekezera ku pulayimale. Ankandiitana kuti "Bambo" mwaulemu wonse, ndipo madzulo sankayamba kudya ine ndisanadalitse chakudya. Masiku awiri amenewo palibe amene akadakayika kuti wamkulu paulendowo ndine.

Tsiku lachitatu tidalawirira m'bandakucha. Tidakwera miyala yosalala, kwina chokwawa, kwina cholowa pansi pa matanthwe ngati mbira. Titatsala pafupi, mkulu uja adaima, nayang'ana nthawi yaitali chakummwera, mbali ya ku Mozambique kumene kumachokera nkhungu yozizira ija.

"Bambo, tibwerere. Chiperoni icho."

Ine ndidangoona kamtambo kopyapyala. Ndidati, "Achimwene, nsonga si iyo? Takulipirani kuti mutifikitse pamwamba."

Iye adayankha motsitsa mawu: "Ndalama ndingathe kubweza, Bambo. Koma uko lero sindipita nanu."

Tidabwerera. Ndivomere pano kuti mumtima mwanga mudali mkwiyo wosayenera wansembe. Ndipo ngati kuti woyesa uja adafuna kundimaliza, nkhunguyo idatikuta kanthawi kochepa chabe. Pofika masana, tili khale pakhonde pa Chisepo, Sapitwa adaonekera yense, ali mbee padzuwa. Mnzathu wina adati, "Tikadafika." Mwina ankanena zoona.

Apa ndiye pagona nkhani. Chiperoni chikadakula, miyala n'kuterera, njira n'kusowa, tonse tikadamtama mkuluyo, ndipo ine ndikadapeza ulaliki wosavuta wa Lamulungu lotsatira. Koma kudayera. Kodi tsono iye adalakwa?

Ndikhulupirira kuti ayi. Ubwino wa chimene munthu wasankha sitiuyesa ndi zimene zidachitika pambuyo pake, zimene pa nthawiyo zidali zobisika kwa aliyense, koma ndi zimene iye ankadziwa poganizapo. Woyendetsa basi ataledzera n'kufikitsa anthu bwino sanachite bwino ayi, wangopulumuka. Mkulu uja ankadziwa kuti nkhungu yotere nthawi zina imatha pa ola limodzi, nthawi zina imagona masiku atatu, ndipo kuti palibe amene angaisiyanitse ikamayamba. Ankadziwanso za mnyamata wa ku Brazil amene mu 2009 adasiya womtsogolera napitirira yekha ku Sapitwa, mtembo wake n'kupezeka patapita masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira. Anthu a m'midzi yozungulira amati kumeneko n'kwa mizimu, ndipo dzina lenilenilo likunena kuti sikupitidwa. Ine sindiopa mizimu ya paphiri, komabe ndaleka kuseka makolo amene adaika chenjezo m'dzina.

Thomas Aquinas, pofotokoza za nzeru yosankha bwino zochita, adaika kuphunzitsika ngati gawo lake limodzi. Chifukwa chake n'chakuti zochitika pa moyo n'zosiyanasiyana kosawerengeka, kotero munthu mmodzi sangazidziwe zonse payekha kapena mwamsanga. Ayenera kumvera ena, makamaka amene akhala nazo nthawi yaitali. Makolo athu adaifupikitsa nkhaniyi pamene adati safunsa adadya phula. Ndidawerenga zimenezi ku seminale ndipo mayeso ake ndidakhoza. Koma m'maganizo mwanga wophunzitsika adali mkhristu wa pabenchi, wophunzitsa ndine. Sindidaganizepo kuti tsiku lina mphunzitsiyo adzakhala munthu amene ndamlemba ganyu.

Malembo Oyera ali ndi munthu wofanana nane. Namani, mkulu wa ankhondo a ku Siriya, adapita kwa Elisa ndi siliva, golide ndi zovala, poyesa kuti mphatsozo zimpatsa ufulu wosankha m'mene achiritsidwire khate lake. Atauzidwa kukasamba mu Yordani adapsa mtima. Amene adamtembenuza adali antchito ake omwe, monganso amene adayamba kuuza mkazi wake za mneneriyo adali kamtsikana kogwidwa kunkhondo. Ndalama zanga zidagula miyendo ya mkulu uja ndi masiku ake anayi. Zikadagulanso maso ake, kuti aziona chokhacho chimene ine ndikufuna, ndikadakhala nditataya chinthu chokhacho chimene ndidamlembera.

Komabe tisafulumire kuyamikira kumvera kulikonse. Dziko lathu lidaona zaka zimene mawu oti kumvera adali chingwe chomangira anthu pakamwa, mpaka maepiskopi athu adalankhulapo m'kalata yawo ya nyengo ya Lenti mu 1992. Ngakhale mu Eklezia alipo atsogoleri amene amati "bwererani" pofuna kuteteza mpando wawo. Nanga mkulu wa pa Sapitwa adasiyana nawo pati? Ndaganizira zimenezi usiku wambiri. Iye adali pangozi imodzimodzi ndi ife, mapazi ake pamwala womwewo. Pobwerera sadapindule kanthu. Adadziwa kuti alendo okhumudwa sapereka ya sopo yambiri, ndipo sakamutchula bwino kwa anzawo. Adatiuza chifukwa chake poyera, nachiloza ndi chala, ngakhale maso athu sadathe kuchiwerenga. Chimene chidandikhudza koposa n'chakuti ulamuliro wake udali ndi malire: sadandiuze za kapempheredwe kapena za kayendetsedwe ka parishi. Adalamula pa chinthu chimodzi chimene ankachidziwa, ndipo ngoziyo itapita adautula ulamulirowo ngati mtolo wa nkhuni. Ndadzifunsa kuti mwa malamulo amene ndapereka kwa akhristu anga chaka chino, ndi angati amene angapirire muyeso umenewu. Yankho lake ndalisungira bambo wanga wauzimu.

Tsiku lachinayi tidatsikira pa Likhubula mawondo akunjenjemera. Ndidamwerengera ndalama zake zonse, ndipo adazilandira ndi manja awiri. Ndidafuna kupepesa chifukwa cha mawu anga a paphiri paja, koma ndisanatsegule pakamwa iye adavula chipewa, nandiuza kuti mwana wake wamng'ono wakhala akudwala malungo. Adapempha kuti, ngati sinditopa, ndipatukire kunyumba kwake ndikamdalitse. Sikudali kutali. Adatsogolanso iye, ine pambuyo.