Mlembi amene amathamanga

 

M'mawa uno maganizo anga ali pa Haruki Murakami, mlembi wa ku Japan. Poyamba iye ankayendetsa bala ya nyimbo za jazz ku Tokyo, ndipo ankaweruka usiku kwambiri. Mu 1981 anaigulitsa kuti azingolemba mabuku. Koma kukhala pampando tsiku lonse kunayamba kumunenepetsa, ndudu nazo ankasuta mpaka 60 patsiku. Mu 1982, ali ndi zaka 33, anayamba kuthamanga, fodya uja n'kumuleka.

Akakhala pa buku lalitali, amadzuka 4 koloko m'mawa n'kulemba maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Masana amathamanga makilomita 10 kapena kusambira, kenako amawerenga ndi kumvera nyimbo. Ikamakwana 9 koloko usiku, wagona.

Ambirife tili ndi ntchito, ana ndi minda, ndiye ndandanda yotereyi sitingaikwanitse yonse. Chondikhudza mtima n'chakuti Murakami anazindikira msanga kuti buku lalitali limafuna thupi lamphamvu. Ndimamva chisoni ndikaona mlembi wachinyamata akuchezera usiku wonse osadya, maso ali psuu, poganiza kuti luso limabwera ndi kuzunzika.

Kuwerenganso Murakami sanakutaye. Anamasulira m'Chijapanizi nkhani za Raymond Carver ndi buku la The Great Gatsby, ntchito yofuna kuwerenga mofatsa, chiganizo ndi chiganizo, ndipo amaigwira nthawi imene wapumira kulemba zake.