Mpata wa Pakati pa Padi ndi Disiki: Kodi Muyeso Woyenera Ungalembedwe?

Mabuleki a disiki oyendera waya, amene amaikidwa pa njinga zambiri zamagetsi zotsika mtengo, amadalira mpata wosakwana theka la milimita. Disiki yachitsulo yomangidwa pakati pa gudumu imazungulira pakati pa mapadi awiri amene ali m'kachipangizo kotchedwa kalipa. Wokwera akafinya chogwirira cha buleki, waya amakoka kamkono ka pa kalipa, ndipo kamkonoko kamakankhira padi pa disiki. Mpata ukachepa kwambiri, padi imakhula disiki ulendo wonse, batire limatha msanga ndipo chitsulo chimatentha popanda chifukwa. Ukakula kwambiri, chogwirira chimafika pa chiwongolero njinga isanaime. Kuchuna mabuleki amenewa ndi kufunafuna malo amene ali pakati pa zolakwika ziwirizi, ndipo ntchitoyi imadzutsa funso limene anthu oganiza mozama akhala akulimbana nalo kuyambira kale: kodi muyeso woyenera ndi chinthu choti munthu angachilembe kamodzi n'kupatsa ena kuti azingotsatira, kapena umapezeka ndi wochita yekha, pa nthawi imene akuchitayo?

Funsoli limakula pa njinga yamagetsi chifukwa cha liwiro ndi kulemera. Ku mayiko a mu European Union, mota ya njinga yotere siyenera kupitirira mawati 250 ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Ku United States kuli gulu la njinga zimene mota yake imathandiza mpaka pafupifupi makilomita 45 pa ola. Njinga zambiri zamagetsi zimalemera makilogalamu 20 mpaka 30 zisananyamule munthu. Mphamvu imene mabuleki ayenera kuiyamwa imakula mofanana ndi kulemera, koma liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Njinga yoyenda makilomita 25 pa ola ili ndi mphamvu pafupifupi katatu kuposa yoyenda makilomita 15. Zonsezi zimasanduka kutentha pa kachidutswa ka padi kakang'ono kuposa chala chachikulu. N'chifukwa chake mapadi a njinga yamagetsi amatha msanga, ndipo mpata umene unali bwino mwezi watha sukhalanso bwino lero.

Ntchito imayamba ndi zinthu zimene sizifuna kuganizira. Batire limazimitsidwa kuti mota isadzidzimuke zala zili pafupi ndi disiki. Gudumu liyenera kukhala bwino m'malo mwake ndipo manati ake amangidwe, chifukwa gudumu lopendekeka limapendeketsanso disiki. Kenako wokonza amayeza disiki ndi mapadi. Madisiki ambiri a Shimano amakhala ochindikala mamilimita 1.8 akakhala atsopano, ndipo kampaniyo imati asinthidwe akafika 1.5, nambala imeneyi imadindidwa pa disiki pomwepo. Padi imene mnofu wake watsala wosakwana milimita imodzi yafika pothera. Mabawuti awiri ogwira kalipa, amene amamasulidwa ndi kiyi wa makona 6 wa mamilimita 5, amamangidwa ndi mphamvu ya pakati pa 6 ndi 8 Nm. Mafuta kapena girizi zikagwera pa padi, padiyo yawonongeka, chifukwa imamwa mafutawo.

Apa palibe za kufunafuna pakati. Disiki yopyapyala kuposa malire ake siikhala yabwino kwa wokwera wopepuka n'kukhala yoipa kwa wolemera. Ndi yoipa basi. Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Khristu asanabadwe, amadziwika ndi chiphunzitso chakuti khalidwe labwino limakhala pakati pa kuchepa ndi kupyola muyeso, monga kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kusasamala. Koma m'buku lachiwiri la Nicomachean Ethics ananenanso kuti pali zochita zina, monga kupha, kuba ndi chigololo, zimene zilibe muyeso woyenera. Anthu amene amatchula chiphunzitsochi pofuna kunena kuti chilichonse n'chabwino bola chisapyole amaiwala mbali imeneyi. Gawo lina la yankho la funsoli ndi loti inde, malire ena amalembedwa, ndipo amalembedwa pachitsulo.

Zovuta zimayamba malire aja atadutsidwa. Mabuleki ambiri oyendera waya amasuntha padi imodzi yokha, yakunja. Padi yamkati, imene ili mbali ya masipoko, imakhala chilili, ndipo buleki imagwira pamene padi yakunja yakankha disiki n'kuipinda pang'ono mpaka kukakhudza inzakeyo. Mtundu wa TRP Spyre umasuntha mapadi onse awiri, ndipo Avid BB7 ili ndi kopotokolera padi iliyonse payokha, koma mabuleki wamba ali ndi bawuti imodzi yosunthira padi yamkati. Choncho kalipa sikaikidwa kuti disiki ikhale pakatikati penipeni. Wokonza amamasula mabawuti awiri aja pang'ono, amawongola kalipa kuti mapadi ayang'anizane bwino ndi disiki, amamanga mabawutiwo mosinthanitsa pang'onopang'ono kuti kalipa kasasunthe, kenako amayandikitsa padi yamkati mpaka itayamba kukhula, n'kuibweza pang'ono pokha mpaka phokoso litasiya. Padi yakunja imapatsidwa mpata wokulirapo. Malo oyenera ali kumbali, osati pakati pa masamu.

Aristotle anafotokoza zomwezi ndi chitsanzo cha chakudya. Ngati miyeso 10 ndi yochuluka ndipo miyeso 2 ndi yochepa, sizitanthauza kuti wophunzitsa masewera auze aliyense kudya miyeso 6. Chakudya chimenecho n'chochepa kwa Milo, katswiri wolimbana wa ku Croton, ndipo n'chochuluka kwa munthu wongoyamba kumene. Muyeso umene iye ankanena ndi wogwirizana ndi munthuyo ndiponso zimene zikuchitika, ndipo amene amauzindikira ndi munthu wanzeru zochokera m'kuchita. Buku la malangizo likhoza kunena kuti mpata ukhale magawo ochepa a milimita. Silinganene kuti disiki iyi, imene yapindika pang'ono pamalo amodzi, ifuna mpata wotani pa njinga imene imatsika phiri itanyamula mwana kumbuyo. Wokonza amazunguza gudumu, amamvetsera, amaika pepala loyera kuseri kwa kalipa kuti aone kuwala kodutsa mbali zonse ziwiri za disiki, ndipo amasiya pamene khutu ndi diso zagwirizana.

Michael Polanyi, katswiri wa sayansi wobadwira ku Budapest amene anadzakhala wafilosofi, anagwiritsa ntchito njinga pofotokoza nzeru yamtunduwu m'buku lake la 1958 lotchedwa Personal Knowledge. Anaona kuti anthu okwera njinga amatsatira lamulo la sayansi lowathandiza kuti asagwe, koma ambiri sangalitchule, ndipo kulidziwa pamtima sikungaphunzitse munthu kukwera. Mmisiri wa mabuleki ali chimodzimodzi. Amadziwa pamene chogwirira chafika pabwino, koma akafunsidwa amangoti chizigwira chisanafike theka la ulendo wake wopita ku chiwongolero. Mawuwo ndi oona, koma sakwanira kuti wophunzira achune bwino tsiku loyamba.

Chiphunzitso cha Chibuda chili ndi nkhani yofanana. M'mabuku akale a Chibuda muli mmonke wotchedwa Sona amene anadzikakamiza kuyenda uku akusinkhasinkha mpaka mapazi ake anatuluka magazi, ndipo anaganiza zosiya. Buddha anamukumbutsa za choimbira cha zingwe chimene ankaimba asanakhale mmonke, chimene sichimveka bwino zingwe zikakungika kwambiri kapena zikalendewera, namuuza kuti achune khama lake chimodzimodzi. Chochititsa chidwi m'nkhaniyi n'chakuti vuto la Sona silinali ulesi. Analakwa chifukwa cha changu.

Waya ndiye gawo lotsatira, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amadzinamiza. Waya wa mtunduwu, woyenda m'kati mwa chikuto, amatchedwa ndi dzina la Ernest Monnington Bowden, amene anaulembetsa mu 1896. Pochuna, kanati kopotokola kamene kali pa chogwirira kamabwezedwa m'kati pafupifupi konse, kamkono ka pa kalipa kamasiyidwa pamalo ake opumira, waya amakokedwa kuti asalendewere, ndipo bawuti yomugwira imamangidwa. Ntchito ya kanatiko ndi kuchotsa kulendewera kwa waya basi. Koma mapadi akayamba kutha, njira yachidule ndi kupotokola kanatiko, kapena kukoka waya kwambiri, mpaka chogwirira chitalimbanso. M'dzanja zimamveka ngati zakonzeka. Chimene chachitika n'chakuti kamkono kaja kakokeredwa kutsogolo kasanayambe ntchito, ulendo wake watsala wochepa, ndipo padi yamkati idakali kutali monga inalili. Tsiku lofunika mphamvu zonse, kamkonoko kamafika pamapeto pake disiki isanagwidwe mokwanira.

Zipembedzo zimadziwa bwino kulimba kwamtunduwu. Chaputala 23 cha Mateyu chimadzudzula atsogoleri amene ankasamala tizinthu tating'ono ta chakhumi ndi kuyera kwa kunja pamene chilungamo ndi chifundo zinali zitasiyidwa. Kukhwimitsa malamulo ooneka n'kosavuta, ndipo kumapatsa munthu mtima woti wadziletsa. Sikufika pamalo pamene pakutha. Pa buleki, mankhwala ake ndi kubwerera ku padi yamkati, imene ili kuseri kwa masipoko, povuta kufikapo ndiponso posaoneka bwino.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza chithunzi cha zolakwika ziwiri zofanana. Buleki yothina imalira. Imachita kwee-kwee pa kuzungulira kulikonse kwa gudumu, ndipo mwini wake sangaiiwale. Buleki yotayirira siimveka. Njinga imayenda myaa, ndipo wokwera amazolowera kufinya mozama pang'ono sabata iliyonse osazindikira kuti dzanja lake likusintha. Cholakwika chaphokoso chimangotopetsa, pamene chachete n'chimene chimapha. Choipa kwambiri n'chakuti njira yosavuta yothetsera phokoso ndi kutalikitsa mapadi, ndiye kuti munthu wofuna mtendere wa m'makutu amakankhidwira kumbali yoopsayo. Aristotle anaona kuti nthawi zambiri mbali imodzi imatalikirana ndi khalidwe labwino kuposa inzake, ndipo analangiza kuti munthu athawe kwambiri mbali yoipitsitsayo komanso adziwe kumene mtima wake umakonda kupendekera, makamaka kumene kuli zokoma. Ili ndi langizo lothandiza kuposa chiphunzitso cha pakati chenichenicho. Pa njinga likutanthauza kuti kukhula pang'ono kwa apo ndi apo, pa disiki yosawongoka bwino, n'kopiririka kusiyana ndi chogwirira chofika pa chiwongolero.

Kuchuna kukatha, mabuleki amayesedwa njinga ili chiimire, kenako ikuyenda pang'onopang'ono. Zogwirira za njinga zambiri zamagetsi zili ndi kaswichi kodula mota buleki ikangofinyidwa, ndipo kameneka kayenera kuyesedwanso, chifukwa buleki yolimbana ndi mota yake yomwe imataya mphamvu. Mapadi atsopano sagwira bwino mpaka atazolowerana ndi disiki: wokwera amathamanga pang'ono n'kuchepetsa liwiro mwamphamvu koma osaimiratu, maulendo 10 mpaka 20, kuti mnofu wa padi upakike mofanana pachitsulo. Ndipo kuyambira pamenepo mpata umayambanso kukula, chifukwa buleki imadzidya pogwira ntchito yake.

Fanizoli lili ndi polekezera. Buleki ilibe chifuniro, ndipo amene amaichuna amaima kunja kwake n'kuiona ndi maso ake. Munthu wofuna kuwongola khalidwe lake ndi buleki komanso mmisiri nthawi imodzi, ndipo chida chimene amayezera, chomwe ndi chikumbumtima chake, chimatha kuzolowera monga dzanja la wokwera uja. Mkangano wa Pelagius ndi Augustine wa ku Hippo, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, unali pa mfundo yoyandikana ndi imeneyi. Pelagius ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu yosunga malamulo a Mulungu ngati afuna, apo ayi Mulungu sakanalamula. Augustine ankati chifuniro chenichenicho n'chovulala ndipo sichingadzichiritse popanda chisomo. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Kalata ya Paulo kwa Agalatiya imaika kudziletsa pakati pa zipatso za Mzimu, kutanthauza chinthu chimene chimamera mwa munthu osati chimene amadzipangira yekha, ngakhale kuti makalata a Paulo yemweyo amalamulanso okhulupirira kuti adziyese. Aristotle nayenso sanasiye munthu payekha: ankati khalidwe limaumbidwa ndi chizolowezi kuyambira ubwana, m'manja mwa olera ndi malamulo a mzinda. Onsewa amasiyana pa gwero la thandizo, koma amagwirizana kuti diso lakunja likufunika.

Mabuleki oyendera mafuta amaoneka ngati athetsa vutoli. Mphira wozungulira pisitoni amalola pisitoniyo kusendera kutsogolo mapadi akamatha, motero mpata umadzisunga wokha ndipo chogwirira chimamveka chimodzimodzi miyezi yambiri. Koma chifukwa cha zomwezo, dzanja silichenjezedwa, ndipo mapadi angathe kutheratu mpaka chitsulo chake kuyamba kukanda disiki wokwera asanamve kusintha kulikonse. Buleki ya waya imafuna kuchunidwa pafupipafupi, ndipo wochuna amakakamizika kuona mapadi nthawi iliyonse imene akupotokola bawuti yamkati. Ya mafuta imachotsa ntchito yochuna, koma kuyendera mapadi kumatsala, ndipo mwini wake ayenera kudziikira nthawi yochotsa gudumu kapena kuunika m'kalipa ndi tochi kuti ayeze mnofu umene watsala.