Nkhanga zinapangana kusanapse

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Boma silingayende khomo ndi khomo kuno kwa Njewa, kwa Chinsapo kapena ku Mgona kudzaona m'mene tikukhalira. Limatuma akatswiri a ziwerengero, ndipo zimene iwo alemba ndizo zimagamula kuti dera lino lilandira sukulu zingati, mijigo ingati, mankhwala ochuluka bwanji.

Likulu lawo, National Statistical Office, lili ku Zomba. Chilandirireni ufulu, atiwerenga mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Kalembera woyambayo anapeza anthu ongopitirira pang'ono 4 miliyoni. Wa 2018, uja achinyamata ankayenda ndi matabuleti m'malo mwa mapepala, anapeza 17,563,749, ndipo 989,318 mwa iwo anali mumzinda wa Lilongwe. Ife amene taona minda ya chimanga m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji ikudulidwa mapuloti sitinadabwe nazo.

Tsono nambala ili ndi anthu ambiri ofuna kuikometsa. M'nyengo ya makuponi a feteleza kunabadwa midzi yopezeka m'kaundula mokha, yopanda bwalo, yopanda manda. Izo tingaseke. Za 2001 sizosekera. Chaka chimenecho malipoti a zokolola anati chinangwa ndi mbatata zabereka kwambiri, choncho kuchepa kwa chimanga sikuvuta. Opereka thandizo anakhulupirira, nazengereza. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko n'kuti chitagulitsidwa kale. Pamene boma linkalengeza za tsoka la njala mu February 2002, anthu anali akudya gaga ndi mizu ya nthochi, ena titawaika kale m'manda. Chinangwa cha papepala sichinakhutitse mwana ndi mmodzi yemwe.

Kodi wowerengera ali yekhayekha angamukanire bwanji bwana womulipira, akamuuza kuti "onjezerapo pang'ono apa"? Nayenso ali ndi ana kusukulu ndi lendi yoti alipire. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ana anga. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amakhala ndi mabungwe awoawo, osakhala a boma kapena a chipani. La dziko lonse lapansi, International Statistical Institute, linayamba mu 1885, ndipo mu 1985 linalemba malamulo a khalidwe loyenera mmisiri wa ziwerengero: asakhotetse zimene wapeza, asaulule zinsinsi za omwe amuyankha mafunso. Ku Greece, mkulu wa ofesi ya ziwerengero Andreas Georgiou anamukokera kukhoti zaka zambiri chifukwa choonetsa kuti bajeti ya dzikolo ya 2009 inaperewera kwambiri kuposa m'mene ankanenera. Amene anaimirira naye poyera ndi mabungwe otere. Kwa anansi athu ku Tanzania, mu 2018 anakhwimitsa lamulo kuti wotsutsa ziwerengero za boma azilangidwa. Anthu atawiringula, mu 2019 analifewetsa.

Kwathu kuno kuli Statistical Association of Malawi. Ndikanakonda dzina limeneli likanamadziwika pamsika wa Kawale monga limadziwikira m'makalasi a ku yunivesite. Misonkhano ya m'mahotela njabwino, koma wakutsina khutu ndi mnansi: ntchito yaikulu ya bungwe lotere ndi kudzudzula membala wake akaphika nambala, ndi kumutchinjiriza akamazunzidwa chifukwa chokana kuphika. Akatiuza kuti kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika pamene mayi wa ku Area 23 akuona ndowa ya chimanga ikukwerabe, a bungweli abwere pawailesi m'Chichewa atifotokozere kuti kutsikako kumatanthauza kukwera pang'onopang'ono, osati kutchipa.

Pa 18 November chaka chilichonse Africa imakumbukira tsiku la ziwerengero, ndipo kalembera wina akuyembekezeka mu 2028. Inu a bungwe, mudzachitireko tsikuli kuno kwa Njewa, pabwalo la mfumu, tidzakufunseni maso ndi maso. Nanunso anzanga, alembi akadzafika pakhomo, mudzatchule ana amene mulidi nawo.