Ubongo ndi Funso la Mzimu

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo uli ndi maselo a minyewa pafupifupi mabiliyoni 86, amene amatumizirana uthenga kudzera mu mphamvu yamagetsi ndi timadzi tapadera. Komabe funso lakale lakuti khalidwe la munthu limakhala kuti silinathe. Chichewa chimaika khalidwe mumtima, n'chifukwa chake wina amatchedwa wouma mtima, pomwe madokotala amaloza mbali yakutsogolo ya ubongo, kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kulingalira za mawa.

Umboni wotchuka ndi wa Phineas Gage, amene mu 1848, ku Vermont m'dziko la America, chitsulo chinamuboola mutu n'kuwononga mbali imeneyi. Anapulumuka, koma dokotala wake analemba kuti munthu amene kale anali wodalirika anasanduka wopupuluma ndi wotukwana. Kale zimenezi zisanachitike, katswiri wa nzeru zakuya René Descartes anaphunzitsa kuti mzimu ndi wosiyana ndi thupi, ndipo umakumana nalo pa kachiwalo kotchedwa pineal, pakati pa ubongo. Ganizoli n'lovuta kuliteteza, pakuti likanakhala loona, mlandu wa mawu otukwanawo ukanagwera mzimu umene chitsulocho sichinaukhudze n'komwe.