Mulungu Anandisungira Umboni Ndisanaimbidwe Mlandu

Ndikufuna kuyamika Mulungu pa zimene wandichitira pa geni yanga, chifukwa kukhala nazo chete kungakhale kumubera ulemerero wake. Munthu wina ananditchula wakuba pamaso pa anthu ambirimbiri, koma Iye ananditsuka. Lero ndikugulitsabe, ana anga akudya ndipo akupita kusukulu.

Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Lilongwe, ndipo ndimagulitsa madiresi, nsapato ndi zikwama za amayi. Katundu ndimakapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ulendo wa pabasi wodzera ku Mzuzu ndi ku Karonga mpaka kukawoloka pa Songwe. Shopu ya njerwa ndilibe. Ndimajambula katundu ndi foni n'kumuika pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, wofuna amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ine n'kumutumizira phukusi lake kudzera kwa onyamula katundu. Ambiri mwa ogula sindinawaonepo nkhope. Malonda otere amayenda ndi dzina labwino basi. Dzina likada, palibenso amene angatumize ndalama zake kwa munthu amene sakumuona.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wanga unafota. Ndalama zomwe kale zinkadzaza chikwama chachikulu cha katundu zinayamba kubweretsa theka. Ndinakabwereka ku banki nkhonde ya amayi a kutchalitchi kwathu, ndipo ndinapempha Mulungu kuti andipezere oda yaikulu yoti ndibwezere ngongoleyo.

Oda inabweradi. Mayi wina wa mumzinda wina anandilembera kuti akufuna madiresi ofanana a aperekezi a pa ukwati wa mng'ono wake, pamodzi ndi nsapato zake. Ankalankhula mwaulemu, uthenga uliwonse ankaumaliza ndi kundidalitsa. Tinagwirizana kuti apereke theka, theka linalo adzamalize akalandira katundu. Ndinatumiza phukusi ndi mtima wosangalala, ndikuimba nyimbo zoyamika njira yonse yobwerera kunyumba.

Phukusi litafika, foni yanga inayamba kulira mosalekeza. Mayi uja anali ataika zithunzi m'magulu onse amene ndimagulitsiramo. Pazithunzipo panali zovala za kaunjika zothaitha, zina zong'ambika m'khwapa, zitayalidwa pambali pa jumbo yolembedwa dzina langa. Analemba kuti izi ndi zimene ndamutumizira, kuti ndawononga ukwati wa mng'ono wake, ndipo anaikapo nambala yanga ndi chithunzi changa kuti anthu achenjere nane. Kumbali anandiuza kuti ndikabweza ndalama zonse tsiku lomwelo achotsa zithunzizo, apo ayi tikaonana kupolisi. Za kubweza katundu sanatchule n'komwe.

Anthu amene sanagulepo kwa ine ngakhale mpango ankanditukwana. Ena amene anali ataoda kale anati ndiwabwezere ndalama zawo. Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira, anzake atamuonetsa zithunzi zija. Usiku umenewo nsima inandikanika kummero. Ndinagwada pambali pa bedi, mawu opempherera osabwera, ndinkangoti, "Atate, Inu munaona zimene ndinaika m'jumbo muja." Mumtima mwanga munabwera Yosefe, amene anamunamizira m'nyumba ya Potifara pogwiritsa ntchito chovala chimene anachisiya pothawa tchimo. Chovala chinasanduka mboni yonama, Yosefe n'kulowa m'ndende, koma Mulungu sanamusiye. Ndinati Mulungu wa Yosefe ndi wanganso, ndipo ndinagona tulo.

Mmawa mwake achibale ena anandilangiza kuti ndingobweza ndalamazo kuti nkhani ithe. Ena anati nanenso ndimuyalutse, ndiike chithunzi chake paliponse. Ndinapita kwa mayi busa, tinapemphera limodzi, kenaka iwo anandiuza kuti, "Mayi, musamuyankhe ndi mkwiyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kasonkhanitseni chilichonse chimene muli nacho chokhudza phukusi limeneli, mubwere nacho."

Apa ndi pamene ndinaona kuti Mulungu anali atayamba kundimenyera nkhondo kale, ine ndisanadziwe kuti kukubwera nkhondo.

Kalekale mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu la amayi, amene ndi telala, anandiphunzitsa kanthu kakang'ono. Anati, "Mwanawe, chovala chilichonse chotuluka m'manja mwako uzichiika chizindikiro chako." Kuyambira pamenepo diresi lililonse ndimalisoka timfundo tiwiri ta ulusi wofiira mkati mwa mpendero, pamalo pamene wovala sangaone. Mwana wanganso anali atandizoloweretsa kujambula vidiyo polongedza. "Amayi, musamamate jumbo musanajambule," ankatero. Tsiku lotumiza phukusi lija iyeyo ndi amene anagwira foni. Vidiyoyo inaonetsa diresi lililonse ndikulitambasula, kutembenuza mpendero, kuonetsa timfundo tofiira, kulipinda n'kuliika m'jumbo, mpaka kumata ndi tepi pamaso pa kalaliki wa onyamula katundu. Sinadukepo paliponse. Risiti inalinso m'Baibulo langa momwe ndimasunga mapepala ofunika, yolembedwa tsiku, dzina la wolandira ndi kulemera kwa phukusi. Mauthenga athu onse a pa WhatsApp analipo, kuyambira mtundu wa nsalu, masaizi mpaka mtengo. Nthawi imene ndinkachita zonsezi ndinkangoti ndi chizolowezi. Lero ndikudziwa kuti anali Mzimu Woyera akundikonzera mboni.

Ndinatumiza zonsezo kwa oyang'anira magulu aja, popanda mawu amodzi onyoza. Iwo anapempha mayi uja kuti ajambule mipendero ya zovala zimene ankati ndamutumizira. Anayamba kuzemba, akuti foni yavuta, akuti zovalazo wazitaya. Kenaka anakadandaula kupolisi, ine n'kuitanidwa. Ndinapita miyendo ikunjenjemera, amayi anzanga atatsala akusala kudya chifukwa cha ine. Wapolisi amene anandilandira anaonera vidiyo yonse modekha, anawerenga mauthenga, anayang'ana risiti, n'kundifunsa ngati ndasintha kapena kufufuta kalikonse m'fonimo. Nditayankha kuti ayi, anati, "Mayi, mwachita bwino kusunga zimenezi." Anandifotokozera kuti dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 lokhudza zochitika za pa intaneti, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo mauthenga a pafoni amatha kulandiridwa ngati umboni. Anawonjezera kuti kutenga katundu kapena ndalama za munthu mwachinyengo ndi mlandu, kaya wochitayo ndi wogulitsa kapena wogula.

Koma Mulungu anali asanamalize. Mlongo wina mwa Ambuye, amene anasamukira mumzinda womwe uja ndipo ankatsatira nkhani yanga, anandiimbira foni madzulo ena mawu akunjenjemera. Anati, "Achemwali, tsegulani foni muone zimene ndakutumizirani." Zinali zithunzi za ukwati uja, zimene wojambula anaziika poyera polengeza ntchito yake. Aperekezi onse anali atandanda kutsogolo kwa tchalitchi, atavala madiresi anga ndi nsapato zanga, akumwetulira. Ndinagwa pansi m'khitchini ndikulira, ndikufuula kuti Yehova ndi wokhulupirika. Ine sindikanadziwa kofufuza zithunzi zimenezo. Anazibweretsa yekha Mwini choonadi.

Mayi uja anavomera. Anamaliza kulipira theka lotsala lija, anachotsa zimene analemba, ndipo oyang'anira magulu analengeza kuti ndinalibe mlandu. Mayiyo anandipempha kuti nkhaniyo isapite kukhoti, ndipo nditapemphera ndinavomera. Ndinamukhululukira, pakuti inenso ndine wokhululukidwa zambiri, ndipo mpaka lero ndimamutchula m'mapemphero kuti Mulungu amupatse njira yoyera yopezera zosowa zake. Ngongole ya banki nkhonde ndinabweza pa nthawi yake. Anthu amene anaona vidiyo ija anayamba kuoda kwa ine, akuti akufuna wogulitsa amene amalongedza motero. Chimene chinabwera kudzandigwetsa, Mulungu anachisandutsa cholengeza malonda anga.

Anzanga ogulitsa pa intaneti, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikukupemphani kuti mupemphere, komanso muchite mbali yanu. Zogwirizana zonse zikhale zolembedwa, ngakhale mutayamba mwalankhulana pakamwa. Jambulani katundu polongedza, chilema chilichonse chionekere, ndipo ngati ndi foni kapena kompyuta, jambulani nambala yake ikuyaka. Musatumize phukusi popanda risiti, ndipo wolandira akhale amene dzina lake lili pa chiphaso cha unzika. Muuzeni wogula musanatumize kuti akafuna kubweza, katundu abwere kaye muone chizindikiro chanu, ndalama pambuyo.

Palinso misampha ina imene anzathu agwamo. Wina amakutumizirani uthenga wooneka ngati wa ndalama zolowa, chonsecho waulemba yekha kuchokera pa nambala wamba. Wina amatumiza chithunzi cha risiti yabodza n'kumakufulumizitsani kuti basi ikunyamuka. Wina amaimba akulira kuti watumiza ndalama molakwika, mumubwezere msanga. Musakhulupirire uthenga kapena chithunzi. Imbani *211# ngati ndi Airtel Money, kapena *444# ngati ndi Mpamba, muone nokha ngati ndalama zalowadi. Wonena kuti walakwitsa potumiza, muuzeni adzere ku kampani ya foniyo. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu aliyense, ngakhale atadzitchula kuti ndi wa ku ofesi.

Ndinenenso ichi pamaso pa Mulungu. Si wogula aliyense wodandaula amene ali wabodza. Alipo ambiri amene amaberedwa ndi ogulitsa, kutumiza ndalama n'kulandira chinthu china kapena osalandira kanthu, ndipo n'chifukwa chake kuli lamulo loteteza ogula komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Wogula akadandaula moona, tivomere, tisinthe katundu kapena tibweze ndalama zake. Vidiyo imateteza wogulitsa wolongedza zoona yekha. Mulungu amene anandiimira ine amadana ndi sikelo yachinyengo monga momwe amadanira ndi mboni yonama, ndipo sitingamupemphe kuti atiteteze kwa onama pamene ifenso tikunamiza anthu.

Mwina pakati panu pali wina amene dzina lake ladetsedwa pa chinthu chimene sanachite, kaya kuntchito, kubanja kapena pa malonda. Musataye mtima ndipo musabwezere choipa. Amene anaona zimene zinali m'jumbo yanga akuonanso nkhani yanu, ndipo ali ndi mboni zimene inu simukuzidziwa.

Ndikuthokoza mayi busa, amayi anzanga amene anasala kudya chifukwa cha ine, mayi telala amene anandiphunzitsa chizindikiro, ndi mwana wanga amene anagwira foni tsiku lija. Koposa onse ndikuthokoza Yehova, amene anandichotsa manyazi n'kundibwezera dzina langa. Mundipempherere kuti ndipitirize kugulitsa mokhulupirika ndi kumutumikira masiku onse a moyo wanga. Ulemu ndi ulemerero zipite kwa Iye yekha. Ameni.