Chitsulo chofiira cha ku Chicago

Pakati pa mzinda wa Chicago, pabwalo la Federal Plaza, paima chitsulo chofiira psuu, chotalika mamita 16. Anachipanga ndi Alexander Calder, ndipo chakhala pamenepo kuyambira mu 1974. Dzina lake ndi Flamingo, koma ine ndinafunafuna mlomo ndi mapiko a mbalameyo osaziona. Ndinangoona miyendo ikuluikulu yopindika, ngati chinthu chimene chawerama kuti chitole kanthu pansi.

Funso loyamba kundifikira linali la agogo anga: “Nanga chimenechi n'chantchito yanji?” Ankandifunsa choncho akandipeza ndikupinda mawaya a galimoto mbuzi zitalowa m'munda mwa eni. Funsoli sindilinyoza. Amene wagona ndi njala ali ndi ufulu wolifunsa, makamaka poti ndalama zopangira chitsulocho zinachokera ku boma.

Komabe taonani pamene chaima. Chazunguliridwa ndi nyumba zakuda bii za zitsulo ndi magalasi zimene anajambula Mies van der Rohe: maofesi a boma, positi ofesi, ndi khoti kutsidya kwa msewu. Chilichonse pamenepo n'chowongoka, ndipo aliyense wolowamo wanyamula mapepala oti afotokoze chimene wadzera. Chitsulo chofiiracho chokha ndiye sichifunsa munthu kanthu. Ukhoza kudutsa pansi pake uli ndi mlandu kapena ulibe.

Calder anaphunzira uinjiniya, motero kupanga zinthu zothandiza ankakudziwa bwino. Koma atafika ku Paris mu 1926 anayamba kupinda mawaya kukhala tiakavalo ndi tianthu tosewera, n'kumaonetsa anzake. Munthu wamkulu ndithu, atagwada pansi ndi zidole! Agogo akanamukalipira.

Chimene chimandivuta n'chakuti tikamayeza chinthu chilichonse ndi ntchito yake, tsiku lina muyezo womwewo umatembenukira kwa anthu. Agogo omwewo atakalamba, khasu litawakanika, ankadzifunsa funso lija iwo eni, ndipo ife tinkasowa poyambira kuwayankha. Tinali tisanazolowere kukonda chinthu chifukwa choti chilipo basi.

Ndinakhala pabwalopo mpaka manja anazizira. Kamwana kena kanapulumuka m'dzanja la mayi ake n'kuyamba kuzungulira mwendo umodzi wa chitsulocho, kakuseka. Mayiwo anayang'ana wotchi, anayang'ananso khomo la ofesi, kenako anakasiya kazungulire kachiwiri.