Za Munthu Wolowa pa Malo a Mwini Mosadziwa

Kumudzi njira ziri za onse. Njira ya kucitsime ipyola m'munda mwa wina, ya kudambo idzera kuseri kwa nkhokwe ya mnansi, ndipo palibe woyesa cimeneci mlandu. Koma ana a ku Chipata, Katete ndi Petauke akakwera basi kunka ku Lusaka atsikira pafupi ndi Kamwala, kumene nthaka inadulidwa mapuloti, ndipo puloti iri yonse iri ndi mwini wace ndi nambala yace, kawirikawiri linga ndi agaru. Mnyamata wofunafuna nyumba ya malume ace madzulo akhoza kukankha citseko ca mpanda wa mwini, kapena kudula njira kuseri kwa sitolo. Kodi wotereyo wacimwa?

Lamulo la Boma la Zambia, lochedwa Penal Code, liyang'ana mtima. Kuti kulowa kukhale mlandu wa ndende, munthu ayenera kukhala atalowa ndi colinga ca kucita coipa, kuopsa, kunyoza kapena kusautsa mwini malo. Wosokera alibe mlandu umenewo. Koma liripo lamulo lina, locokera ku England, loweruza pakati pa munthu ndi mnzace. Ilo liti woyenda ndi mapazi ace pa malo a mwini popanda cilolezo walakwa, angakhale anayesa kuti ndi njira. Akatyola mpanda kapena kuponda ndiwo, ayenera kulipira. Potero wosadziwa apulumuka ndende, koma mangawa atsala.

Cilamulo ca Mose cinasiyanitsa comweco. Pa Numeri 15 wocimwa mosadziwa ali ndi njira ya cikhululukiro, pamene wocimwa dala ndi modzikuza asadzidwa kwa anthu ace. Koma pa Levitiko 4 wosadziwayo sangomasulidwa cabe: cimo lace likadziwika kwa iye, abwera nayo nsembe. Ambuye Yesu naye anaphunzitsa, pa Luka 12, kuti kapolo wosadziwa cifuniro ca mbuye wace alandira mikwapulo yowerengeka, wodziwa alandira yambiri. Kusadziwa kupeputsa mlandu, koma sikubwezera mwini cinthu cace cimene caonongeka.

Nkhani ya Abimeleki pa Genesis 20 iunikira bwino. Mfumuyo inatenga Sara yosadziwa kuti ndi mkazi wa Abrahamu. Mulungu anabvomereza kuti inacita ndi mtima woona, komabe anailamulira imbwezere mkaziyo. Ikadakana itamva, kusadziwa kwa dzulo sikukadaichinjiriza. Apa ndipo pagona yankho: munthu ayesedwa pa nthawi imene wazindikira. Wosokera amene apepesa, naturuka, nakonza cimene waononga, acoka woyera. Koma iye amene ayamba makani, nati dziko ndi la Mulungu, nabweranso mawa pa njira yomweyo, wasandutsa kusokera kukhala kupalamula.

Mwini malo nayenso ali ndi mangawa. M'makomboni mau amodzi akuti "Kawalala!" asonkhanitsa khamu ndi miyala, ndipo mlendo wosadziwa njira akhoza kufa asanafunsidwe dzina. Wopfuula asanafunse asenza mwazi umenewo, angakhale sanaponye mwala. Deuteronomo 19 aletsa kusuntha malire a mnansi, pakuti malire ali oyenera. Koma Deuteronomo 23 alola wapaulendo kudya mphesa m'munda wa mnzace, pokhapo asaike m'cotengera. Cilamulo comwe cinasunga malire cinasiyanso malo a cifundo.

Anthu a ku Lusaka ali ndi cifukwa cacikuru ca kukumbukira ici. Mzindawo unakhala likulu m'caka ca 1935, ndipo nyumba zimene zinamangidwira anchito, monga za ku Kamwala ndi Matero, sizinakwanire. Ambiri anamanga pa nthaka ya mafamu a eni, ndipo motero anakula makomboni onga George, Chawama ndi Kalingalinga, amene Boma linawayesa osaloledwa. M'caka ca 1974 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo lakuti malo otere akonzedwe m'malo mwa kugumulidwa, ndi kuti okhalamo apatsidwe cikalata ca zaka 30. Ambiri amene lero ali ndi mipanda ndiwo ana ndi adzukulu a anthu amene anakhala pa malo a eni, nacitiridwa cifundo. Sikuyenera kuti wotere aumire mtima mlendo wosokera pakhomo pace.

Tsono makolo otumiza mwana ku tauni amlangize zitatu. Afunse njira kukali kowala, pakuti akuru anati safunsa anadya phula. Aodire pa citseko ca mpanda, monga aodira pakhomo kwao, nadikire kuyankhidwa. Akauzidwa kuti walowa polakwika, apepese, naturuke wosatsutsa. Ndipo Mkristu amene ali ndi mpanda, akapeza munthu wosamdziwa pabwalo pace, ayambe wamfunsa kumene acokera ndi amene amfuna, namlozere njira.